Musamuchotse mwana msanga: ndemanga yanga pa sukulu ya boma ya kwathu ku Mulanje

Amayi anzanga omwe timagulitsa nawo zinanazi ndi nthochi m'mbali mwa msewu wopita ku Muloza akhala akundifunsa ngati n'kwanzeru kusiya mwana pasukulu ya boma ya kwathu kuno, kapena angodzimana n'kumupititsa ku pulayiveti zomwe zachuluka masiku ano. Yankho langa ndi lakuti musiyeni pomwepo, koma inuyo muzifikako. Ana anga atatu adutsa pasukuluyi. Woyamba analemba mayeso a sitandade 8 ndipo pano ali ku sekondale yoyendera ya CDSS, wachiwiri ndi mtsikana ali sitandade 6, chitsirizira ali sitandade 2. Ndimaphika nawo phala, misonkhano ya makolo sindijomba, choncho zomwe ndinene pano ndi zoona ndi maso.

Dzina la sukuluyi sinditchula, chifukwa ndili ndi madandaulo angapo ndipo aphunzitsi ake ndi anthu omwe timakumana nawo kumaliro ndi kumjigo. Ili pakati pa Chitakale ndi Limbuli, minda ya tiyi mbali iyi, phiri mbali iyo.

Za m'kalasi ndingodutsamo. Boma limati mphunzitsi mmodzi azikhala ndi ana 60, koma kalasi ya mwana wanga wamng'ono ili ndi ana oposa 100, onse pansi pasimenti. Chichokereni 1994 pomwe sukulu za pulayimale zinakhala zaulere, zipinda sizinakwanepo. Ngati chomwe mukufuna ndi choti mwana azikupatsani moni wa Chingerezi ali ndi zaka 6, pulayiveti iposa, sindikana. Koma mwana sakula ndi bolodi lokha, ndipo zomwe zimachitika kunja kwa kalasi ndi zomwe zandisunga pasukuluyi.

Chachikulu pa zonse ndi phala. Ufa wake ndi uja wa likuni, wa chimanga ndi soya, umabwera m'matumba kuchokera ku bungwe lina lomwe limathandiza sukulu zambiri. Iwo amabweretsa ufa, miphika ikuluikulu ndi mbaula zija zosadya nkhuni zambiri, zotsalazo ndi zathu. Midzi yozungulira sukulu inagawana masiku. Tsiku la mudzi wathu likafika timadzuka tambala woyamba atangolira, kukatunga madzi pamjigo, kusonkha moto, kuti ana akamafika phala likhale litapsa. Kuvundula mphika umenewu kumafuna mapewa, ndipo ukangoti upume pang'ono phala limagwira pansi n'kuyamba kununkha utsi, ana n'kumadandaula tsiku lonse. Palibe amalandira kanthu pa ntchitoyi. Ukachokapo umapita kukayala malonda ako utatopa kale.

Amene sanaonepo mwana wa kuno m'mwezi wa Juni kapena Julayi, chiperoni chitagwira masiku angapo, sangamvetse kufunika kwa kapu imodzi ya phala lotentha. Ana amafika atanyowa ndi mvula yowaza ija, ambiri opanda juzi, ena opanda nsapato, manja atauma moti pensulo sagwira. Akamwa phala ndi pomwe umamva phokoso la ana pabwalo. M'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zitatha, pali mabanja omwe phala limeneli ndiye chakudya choyamba cha mwana mpaka madzulo. Teremu ina ufa unachedwa kufika, mwana wanga wamng'ono anabwera n'kundiuza kuti, "Amayi, lero m'kalasi munali malo otambasula miyendo." Anzake ambiri anali atakhala kunyumba.

Ndiyamikire kasungidwe ka ufawo. Kumadera ena timamva za matumba osowa, koma kuno thumba silituluka m'sitolo popanda kulembedwa m'buku, ndipo amasainira anthu atatu: mphunzitsi woyang'anira phala, wa komiti ya sukulu, ndi mayi wotsogolera mudzi womwe ukuphika. Bukulo amaliwerenga pamsonkhano wa makolo. Chiyambireni sindinamvepo mlandu wa ufa.

Chondiwawa ndi nkhuni. Ana amauzidwa kuti aliyense abwere ndi chikuni chimodzi. Kuno chikuni chimenecho achitenga kuti? Malo ambiri ndi tiyi, bulugama wa m'maesiteti ali ndi alonda, kumtunda ndi nkhalango yotetezedwa ya boma. Ife eni midzi timaphikira mitengo ya nandolo ndi zitsononkho. Ndiye mwana yemweyo m'mawa akuuzidwa kuti asabwere chimanjamanja, masana kukalabu akuphunzitsidwa kuti kudula mitengo m'phiri n'koipa. Ena amathyola mpanda wa eni ake panjira, ena amangojomba poopa kubwezedwa. Ahedi anavomera kuti mwana asamabwezedwe chifukwa cha chikuni, koma aphunzitsi ena a pa duty amabwezabe. Makapunso ndi ochepa. Mwana wopanda kapu amadikira mnzake amalize n'kubwereka yosatsuka, ndipo ife tinaona kolera ya 2022 mpaka 2023 mmene inapululira anthu m'dziko muno. Ndowa yosambira m'manja ilipo, sopo ndiye amapezeka tsiku lomwe kukubwera alendo.

Amayi a mother group ndimawapatsa ulemu wonse. Ndi amayi osankhidwa m'midzi, ambiri sanafike nayo patali sukulu, koma kaundula wa atsikana amamudziwa kuposa makolo ena. Mtsikana akajomba sabata imodzi amafika pakhomo, osati mokalipa, amakhala pamphasa n'kucheza ndi mayi ake mpaka chifukwa chituluke. Nthawi zambiri chimakhala chinthu chaching'ono: yunifolomu yang'ambika kumbuyo, kapena wayamba kusamba ndipo alibe chovala. Anapeza makina osokera, amasoka mapadi ochapa, ndipo anakakamira mpaka kumbuyo kwa zimbudzi za atsikana kunamangidwa kachipinda kosinthira kokhala ndi ndowa ndi chitseko chotsekeka. Mwana wanga wa sitandade 6 zambiri anazimva kwa iwowa ine ndisanapeze poyambira. Ali ndi kamunda kawo ka soya ndi nandolo, akagulitsa amagulira ana amasiye makope ndi sopo.

Mwana wa mnansi wanga anatenga mimba ali sitandade 7, akuchimuna n'kuyamba kale kukamba za ukwati. Amayiwa anapita ndi anyakwawa kukawauza kuti lamulo pano likuti ukwati ndi zaka 18, ndipo kuti mtsikana akabereka ali ndi ufulu wobwerera kusukulu, zomwe boma linaloleza kalekale mu 1993 koma ambiri kumudzi sadziwa. Anabwerera, mwana akumusiya kwa agogo ake. Masiku oyamba anzake ankamuitana kuti "make mwana", mpaka madamu ena anaimitsa asembule n'kuthetsa zimenezo. Analemba mayeso.

Koma anyamata alibe owalondola. Mnyamata wa zaka 13 akayamba kusenza katundu pamsika wa Limbuli, kapena kuoloka ku Milange kukagwira ganyu m'minda, kapena kungokhala m'zinyumba za vidiyo, palibe amafika pakhomo kudzafunsa. Anzake a mwana wanga woyamba omwe anayamba nawo limodzi, angapo pano akupalasa kabaza. Abambo a m'midzi muno akanachita zomwe amayi achita, ena mwa anyamata amenewa bwenzi ali kusekondale. Pamsonkhano wa makolo ndi aphunzitsi (PTA) mukawerenga abambo sakwana benchi imodzi, ndipo amabwera makamaka ikakhala nkhani ya ndalama za chitukuko. Ena ali ndi chifukwa chomveka, nthawi yothyola tiyi kapitawo sapereka tchuthi cha msonkhano wa sukulu. Ena ali pabawo.

Mafumu pa nkhani ya zinamwali anachita bwino. Anagwirizana kuti simba lizitsegulidwa sukulu zikatsekera ndipo ana azituluka Seputembala asanafike. Kale teremu yoyamba inkayamba makalasi a pakati ali theka. Pano nkhani imeneyi inatha.

Kalabu ya zachilengedwe inalipo kale, koma inali ya dzina chabe mpaka Malichi 2023. Namondwe wa Freddy atagwa, napolo anatsika m'phiri, mitsinje inasefukira, ndipo sukulu yathu inasanduka msasa wa anthu omwe nyumba zawo zinagwa. Achikulire ankakumbutsana za napolo wa ku Phalombe wa 1991, akuti sanayembekeze kudzaonanso zotere. Mabanja anagona m'makalasi kwa masabata, zimbudzi zinadzadza, madesiki ochepa omwe analipo ena anathyoka, ena anathera pamoto. Sindiimba mlandu munthu, mvula inali isakusiya ndipo ana amafuna chakudya. Sukulu itatsegulidwanso, ana ena mitambo ikangoda kuphiri ankayamba kulira n'kufuna kuthawira kunyumba.

Mphunzitsi wina wachinyamata wa sitandade 6 ndi amene anadzutsa kalabuyo. Anayamba ndi kuyenda nawo anawo m'mbali mwa kamtsinje kodutsa kuseri kwa sukulu, kuwaonetsa pomwe gombe linagumuka ndi pomwe linalimba, n'kuwafunsa okha kuti kusiyana kwake n'chiyani. Pomwe panali nsungwi ndi mitengo dothi linatsala. Pomwe anthu analima mpaka m'madzi panatsala miyala. Kuchokera apo anatsegula nazale kuseri kwa ofesi. Ana amadzaza okha machubu, kufesa mbawa, mthethe, nsangu ndi mapapaya, kuthirira ndi makheni awiri omwe amasinthana. Nyengo yodzala mitengo ikafika, kuyambira pakati pa Disembala, amadzala m'mbali mwa mtsinjewo pamodzi ndi vetiva, ndipo mtengo uliwonse uli ndi mwini wake woti aziupalira. Mwana wanga ali ndi mbawa yake. Tsiku lina mbuzi ya munthu itaidya nsonga anabwera akulira, mawa lake anapita ndi minga kukaitchingira.

Mphunzitsi uja anawatengeranso ana a kalabuyi ku Likhubula, mpaka pa Dziwe la Nkhalamba. Tinasonkha ya galimoto, ena inawakanika, ndipo komiti inawalipirira ochepa okha, zomwe sizinandisangalatse chifukwa otsalawo ndi omwe amathirira nazale kwambiri. Koma taganizani, ana obadwira m'munsi mwa phiri lomwe azungu amalipira ndalama zambiri kudzakwera, ambiri anali asanapondeko. Anabwera akudziwa kuti Sapitwa, nsonga yapamwamba ya phirili, ndi wotalika mamita 3,002, kuti mkungudza wa Mulanje sumera wokha kwina kulikonse padziko koma m'phiri lathuli, kuti unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko mu 1984, ndipo kuti ocheka matabwa atsala pang'ono kuumaliza. Mwana wanga anandifunsa kuti, "Amayi, nanga chitseko cha kwa amalume chonunkhira chija n'cha mtengo wanji?" Ndinamuuza zoona. Chaka cha 2025 bungwe loona za maphunziro ndi chikhalidwe la UNESCO litaika phirili pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse, ana a kalabuyi ndi omwe anafotokozera makolo pa asembule tanthauzo lake.

Nkhawa yanga pa kalabuyi ndi imodzi: yonse yatsamira pa munthu mmodzi. Aphunzitsi achinyamata sakhalitsa kuno, nyumba za aphunzitsi n'zochepa ndipo ambiri amapempha kusamukira kufupi ndi tauni. Iyeyu akadzachoka sindikuona wina wogwira kheni. Ndinauza ahedi kuti aikepo wachiwiri, komanso kholo limodzi kapena awiri, ndipo kuti gawo lina la mitengoyo likhale la nkhuni za phala kuti nkhani ya chikuni ija ithe. Anayankha kuti aganizira.

Za magule ndiye ndimasangalala nazo kwambiri. Lachitatu masana kumabwera anganga ena a m'mudzi wapafupi kudzaphunzitsa ana tchopa. Sawalipira, amangowapatsa phala likatsala ndi kangachepe pa tsiku lotsekera. Amabwera ndi ng'oma zawo zitatu, amaziwamba pamoto ana akuona, n'kuwaonetsa kaponyedwe ka phazi ndi kazunguliridwe ka bwalo. Ana amadzipangira okha zonyamula kumsana zija, wina kachikwama ka chiguduli, wina mphika wobooka, wina kakhasu kakutha. Nyimbo zake n'za Chilomwe, chomwe ana athu sayankhula, ngakhale ife makolo ambiri timangomva pang'ono. Anganga aja salola kuti mwana aimbe mawu omwe sakuwadziwa, amayamba awafotokozera kuti nyimboyi inkaimbidwa pothokoza mizimu zokolola zikachuluka, iyi alenje akabwerako kuuzimba. Gule ameneyu UNESCO inamuzindikira mu 2014, ndipo mu Okutobala anthu amakhamukira kwa Chonde kukamuonera pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe, koma m'midzi yathu ovina enieni akutha ndi ukalamba. Pasukulu pano ndi pomwe ndaona ana a zaka 10 akumuvina molongosoka.

Makolo ena a mipingo ina anakana kuti ana awo azivina, akuti n'za mizimu. Sukulu sinakakamize. Anawo amapita kukwaya kapena kusewero, ndipo palibe amawanena. Apa ahedi anayendetsa bwino, chifukwa nkhani ngati imeneyi ikanatha kugawa mudzi.

Masewero ali pakatikati. Bwalo la mpira ndi lotsetsereka, mvula ikagwa goli la kumunsi limakhala dziwe. Mpira weniweni ulipo umodzi, umatuluka pa masewero a zoni okha, masiku ena onse ndi chikulunga. Atsikana a ntchemberembaye ndiwo amatibweretsera ulemu, amagonjetsa sukulu zoyandikana nazo atavala mayunifolomu a m'kalasi atawamanga m'chiuno, ndipo aliyense amafuna kutchedwa Mwawi Kumwenda. Othamanga aliponso abwino, ana ozolowera zitunda, ena amalota kudzathamanga nawo Porters Race, mpikisano wa m'phiri uja wa mu Julayi, akadzakula, koma palibe amawaphunzitsa.

Tsiku lotsekera teremu ndi lomwe mudzi wonse umasonkhana. Mafumu amakhala kutsogolo pamipando ya aphunzitsi, ife pansi pa mitengo ya mango. Kumakhala tchopa, kwaya, ndakatulo, ndi sewero lomwe nthawi zambiri limakhala la bambo woledzera wokana kugula makope, anthu n'kumaseka akuyang'ana omwe akuwadziwa. Kenako mphunzitsi aliyense amaima n'kuwerenga zotsatira. Nambala wani akatchulidwa kumakhala nthungululu, mayi ake kuvina mpaka pakati pa bwalo, achibale kufupa, wina kumunyamula mwanayo. Zimenezi n'zokoma ndipo zisathe.

Chomwe sindigwirizana nacho ndi kupitiriza kuwerenga mpaka kwa olephera, dzina ndi dzina, pamaso pa mudzi wonse. Mwana wa zaka 7 amamva dzina lake likutchulidwa kumapeto, anzake n'kumukuwiza, ena kumuimba nyimbo njira yonse mpaka kwawo. Aphunzitsi amati zimalimbikitsa kuti alimbikire. Ine ndaona ana omwe sanabwererenso teremu yotsatira. Ndipo kawirikawiri amakhala omwewo ofika mochedwa chifukwa chosiyiridwa ana anzawo mayi atapita kukathyola tiyi, kapena osamva bwino omwe amakhala kumbuyo kwa ana 100. Akanamawerenga okhoza okha, otsalawo makolo n'kukatenga mapepala kwa mphunzitsi, palibe chikanaonongeka. Ndinanena pamsonkhano, amayi ambiri anavomereza, abambo a komiti anati ndi mmene zakhalira kuyambira kale. Ndidzanenanso.

Dandaulo langa lalikulu ndi la ana aang'ono. Zonse ndatchulazi, kalabu, tchopa, mpira, kwaya, n'za sitandade 5 kupita m'mwamba. A sitandade 1 ndi 2 amaweruka dzuwa lisanafike pamutu, n'kuuzidwa kuti azipita, pomwe kunyumba kulibe munthu. Amangoyendayenda m'misewu ya m'tiyi, ena kumtsinje, ena amakhala pawindo la kalasi ya akulu awo kudikira. Komatu ndi m'makalasi amenewa momwe ana ambiri amabwereza ndi kutayika. Mabuku a Chichewa owerengera omwe anabwera ndi pulogalamu ya boma ya kuwerenga ija ya 2016 ndi abwino, nthano zake ana amazikonda, koma amatsekeredwa m'kabati poopa kung'ambika. Pakanapezeka tsiku lililonse mayi mmodzi kapena wachinyamata womaliza fomu 4 wokhala nawo pansi pa mtengo ola limodzi, kuwawerengera, kusewera nawo phada ndi fulaye, ana amenewa akanakhala ndi chawo. Ndinadzipereka kutenga tsiku limodzi pa sabata. Mpaka pano tapezeka awiri okha.

A sitandade 8 amasamalidwa mokwanira, mwinanso mopitirira. Ikayandikira nthawi ya mayeso a MANEB amafika kusanache, amaweruka madzulo, amalemba mayeso oyeserera a zoni, ndipo amawachotsa m'makalabu onse ndi kumpira. Ndikumvetsa, sukulu imatchuka ndi chiwerengero cha osankhidwa. Chaka cha mwana wanga ambiri anapita ku CDSS, ochepa ku sekondale yogonera. Aphunzitsi a kalasi imeneyi amagwira ntchito maola omwe salipidwa, ndipo sindinamvepo akukakamiza kholo kupereka ya patitayimu.

Ndalama zomwe boma limatumiza zotukulira sukulu, za SIG zija, ahedi amalemba papepala n'kumata pakhoma la ofesi: zabwera zingati, zagula chiyani. Si zambiri, zimathera choko, malata ochepa ndi kukonza zitseko. Zina zonse ndi manja athu, kuumba njerwa, kututa mchenga kumtsinje, kusenza madzi. Buloko ya sitandade 3 tinaumba tokha njerwa zake. Pa ntchito imeneyi pali kukondera, wojomba amayenera kulipa kwa anyakwawa, koma achibale a mafumu salipa, ndipo amene timapezeka nthawi zonse ndi amayi omwewo a phala.

Ndiye amayi anzanga, ngati mwana wanu ndi woti mukamusiya pageti simudzaonekanso mpaka tsiku lotsekera, sukuluyi ikukhumudwitsani, chifukwa mudzangoona kudzadza kwa kalasi ndi kusowa kwa madesiki. Ngati mungathe kupatula m'mawa umodzi pa mwezi, mudzapeza zambiri zomwe pulayiveti za pamsika zilibe, chifukwa zambiri mwa izo zilibe ngakhale bwalo loti mwana athamangepo. Kulembetsa sitandade 1 kumachitika sukulu zikamatsegulira mu Seputembala, mwana akhale wa zaka 6, mutenge buku lake lakusikelo. Mugulireni kapu yakeyake ya pulasitiki, muiboole pa chogwirira n'kumangirira chingwe kuthumba la makope, chifukwa zimasowa sabata yoyamba yomwe. Mukafika mufunse tsiku lomwe mudzi wanu umaphika, mufunsenso za gulu lowerengera ana aang'ono lija, tikufuna anthu ena atatu kuti sabata ikwane.